Funsani Ankolo: Anyamata a mpira wa m'makoleji ku America akumangodzigwetsa, nanga atani nawo?

Mwezi uno makalata anayi asanu onse akufunsa chinthu chimodzi, mpira wa ku America uja wovala helemeti ngati akabaza a njinga zamoto, ndiye ndangoti tiwaphatikize pamodzi tithane nazo. Amene munafunsa za nsapato zothamangira pepani dikirani kaye mwezi wa mawa.

Ankolo, ine ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndipo mwana wanga wamwamuna wapenga nawo mpira wa kunowu moti Loweruka lililonse TV ndi yake. Tsiku lina ndikuonera naye ndinaona chimnyamata chadzitho chitaimirira bwinobwino, osagundidwa ndi munthu, chinangoyang'ana ku benchi kenako khu! pansi chitagwira mwendo. Masapota anayamba kukuwa mokwiya, mwana wanga akuseka. Patangopita kamphindi mnyamata uja anabwereranso akuthamanga ngati gwape. Kodi chimachitika n'chiyani? — Mayi wa ku South Bend

Mayi, zomwe munaonazo si matenda ayi, ndi pulani, ndipo kuyang'ana ku benchi kuja ndiye nkhani yonse ili pamenepo chifukwa kawirikawiri kumakhala munthu kumeneko amene wamupatsa sayini kuti gona.

Ndiyambe ndafotokoza kaye gemuyo pang'ono chifukwa owerenga ambiri kuno kumudzi sanaionepo. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi, amati ma down, kuti iyende mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso ena anayi mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kugoletsa touchdown. Gemu imagawidwa panayi, mphindi 15 chigawo chilichonse, ndipo play imodzi (kuyambira pomwe mpira wanyamulidwa pansi mpaka pomwe waima) ikatha timu ya mpira ili ndi masekondi 40 kuti iyambe ina. Kale matimu ankadya masekondi amenewa mosathamanga, ankayamba aunjikana kaye n'kunong'onezana zochita, uku anzawo otchinga kumbuyo akupumako, otopa akutuluka atsopano akulowa. Kenako kunabwera makochi ena ochenjera, monga Chip Kelly ali ku Oregon ndi Gus Malzahn ali ku Auburn, masiku ano Josh Heupel ku Tennessee, amene anati ayi tisamaunjikanenso, play ikatha thamangirani pamzere tiyambe ina pompopompo.

Apa ndi pamene pagona lamulo lomwe limabala bodza lonseli. Timu ya mpira ikasintha osewera, oimbira amaima pa mpirapo kudikira kuti a difensi nawonso asinthe. Koma ikapanda kusintha munthu aliyense, oimbira sadikira ayi, ndiye a difensi amakhala atatsekeredwa m'bwalo momwemo. Tangoganizani mayi, chimunthu cholemera makilo 130 kapena 140, chakankhana ndi chinzake ma play asanu ndi atatu motsatizana osapuma, mpweya chikuusaka, kochi wake akufuna alowetse wina koma mpata palibe, timeout, ija yoimitsa gemu kuti anyamata apume, ali nazo zitatu zokha pa hafu ndipo akuzisungira kumapeto. Chomwe chatsala chaulere n'chiyani? Munthu akavulala oimbira amaimitsa gemu, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wake unali woti wovulalayo atuluke play imodzi yokha basi. Play imodzi! Ndiye mwagula timeout yachinayi, yachisanu, yachisanu n'chimodzi ndi mtengo wa bonya, anyamata amwa madzi, kochi wakonza mizere yake, moto wa anzanu aja wazirala.

Ndipo poti muli ku South Bend ndikuuzeni kuti nkhaniyi ina inachitikira pakhomo panu pomwepo. Mu 1953 timu ya yunivesite ya kwanuko, Notre Dame, pansi pa kochi Frank Leahy, inali nambala wani m'dziko lonse ndipo inkasewera ndi Iowa. Hafu yoyamba ikutha Iowa inkatsogola 7-0, Notre Dame ili pafupi kugoletsa koma timeout zatha wotchi ikuthamanga, ndiye wosewera wina dzina lake Frank Varrichione anangoti gwa, oimbira anaimitsa wotchi, Notre Dame n'kugoletsa. Kumapeto kwa gemu anachitanso zomwezo ndipo anafananitsa 14-14 kutatsala masekondi ochepa. Anthu anawatcha Fainting Irish, kunena kuti ma Irish okomoka, poseka dzina lawo loti Fighting Irish, ndipo anatsika pa nambala wani paja, chaka chimenecho ulemu unapita ku Maryland. Kusiyana kwake n'koti nthawi imeneyo ankagwa ndi a timu ya mpira kuti wotchi iime, pomwe masiku ano ogwa ambiri ndi a difensi kuti liwiro la anzawo lithe. Mukamuuza mwana wanu zimenezi mumuuze mofatsa, mwina ndi sapota wa Notre Dame.

Ankolo, ku mpira wathu munthu akadzigwetsa m'bokosi amapatsidwa yelo khadi. Bwanji oimbira a ku Americawo osangomulanga pomwepo munthu woti aliyense akuona kuti akunama? Kapena amaopa makochi? — Mnyamata wa pa koleji ku Zomba

Mphwanga, funso lako ndi labwino koma wasakaniza zinthu ziwiri. Yelo khadi ija imaperekedwa chifukwa chonamizira kuti wachitidwa faulo, ndipo faulo ndi chinthu choti oimbira angathe kuchiona ndi maso, wagundidwa kapena sanagundidwe. Koma ululu suoneka. Ngakhale kwathu kuno goloboyi akagona pansi mphindi ya 85 timu yake ikutsogola 1-0, bwalo lonse limadziwa kuti akudya nthawi koma oimbira amaitanabe achipatala, sichoncho?

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wonamayo wakhala pa mkhate, ndipo mkhatewo ndi mnyamata wovulaladi. Mpira umenewu ndi woopsa aise, anthu amagundana mitu akuthamanga liwiro lonse, ndipo kuvulala kwa ubongo komwe amati concussion sikuti munthu amagwa nthawi yomweyo ayi, ena amadzuka bwinobwino n'kuyenda masitepe angapo kenako dziko n'kuyamba kuzungulira. Kukokana kwa minofu nakonso kumabwera mwadzidzidzi munthu ali chiimire, makamaka mu September kumwera kwa America komwe kumatentha ngati ku Nsanje ndipo munthu wavala zida thupi lonse. Ndiye pa kamera munthu wa chizungulire chenicheni ndi munthu wa sewero amagwa mofanana. Oimbira si dokotala, ndipo tsiku lomwe adzauze mwana wa eni ake kuti dzuka ukunama kenako n'kupezeka kuti magazi akukha mu ubongo, ndiye kwatha, milandu yake ku America simasewera. N'chifukwa chake malamulo awo amati pakakhala chikaiko oimbira aimitse gemu basi.

Komanso taganiza, ukamulanga mnyamatayo ukulanga ndani kwenikweni? Mu November 2010 Oregon ya Chip Kelly inali nambala wani, ikugoletsa mapointi opitirira 50 pa gemu, ndipo inapita ku Berkeley kukasewera ndi California. Makamera anajambula wosewera wa California ataimirira, wayang'ana ku benchi, kenako wadzigwetsa atagwira mwendo. Oregon inapambana movutikira 15-13, ndipo patapita masiku zinaululika kuti kochi wa mzere wakutsogolo wa difensi, Tosh Lupoi, ndi amene anamutuma, moti anamuimitsa gemu imodzi. Mwana wa zaka 19 kapena 20, sukulu akuphunzira ndi sikolashipu ya mpira womwewo, malo ake mu timu ali m'manja mwa kochi, ndiye kochiyo akuti gona, iwe ungakane? Ine sindingakane, ndinagonapo pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa tili anyamata pa mpira wa m'madambo.

Ndiye akuluakulu a mpirawo akungoonerera? Ine ndimatsatira pa YouTube ndipo chaka cha 2024 zinafika ponyansa, makamaka timu ya Ole Miss. — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, simukunama, 2024 zinanyanya. Ole Miss ya kochi Lane Kiffin inatchuka nazo kwambiri, pa gemu yawo ndi Kentucky mu September kanema wa wosewera wawo akudzigwetsa popanda womukhudza anazungulira paliponse, ndipo chosekesa n'choti ameneyo anali wa timu ya mpira osati wa difensi, komanso gemuyo analuzabe 20-17. Zinafika poti sukuluyo inatulutsa chikalata chofotokozapo za nkhaniyi. Koma tisawasenzetse okha katunduyu, matimu ambiri ankachita, kungoti ena amadziwa kusewera drama kuposa anzawo.

Kungoonerera sanangoonerera, koma anayamba mwaulesi. Mu 2014 kunabwera ganizo loti timu ya mpira isamaloledwe kuyamba play masekondi 10 oyamba asanathe kuti a difensi azipeza mpata wosintha anthu, makochi Nick Saban wa Alabama ndi Bret Bielema wa Arkansas ankagwirizana nalo ponena kuti liwiro likuvulaza ana, koma makochi a liwiro aja anakuwa kuti awa akungofuna kutithyola miyendo poti akulephera kutigwira, ndipo ganizolo linafera m'mazira. Mu 2021 bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, linatsegula njira yoti sukulu kapena ligi yodandaula itumize kanema kwa mkulu wa oimbira m'dziko lonse, Steve Shaw, kuti aunike gemu itatha. Vuto linali loti akapeza kuti munthu ananamadi, nkhani inkabwerera kwa eni ake omwewo kuti aone chochita, zili ngati kukasuma kwa apongozi kuti mwana wawo wakubera.

Mano anayamba kuoneka mu November 2024 pamene Greg Sankey, mkulu wa ligi ya SEC komwe kuli Alabama, Georgia, Tennessee, Ole Miss ndi ena, analembera makochi ndi akuluakulu a masewera m'sukulu zonse kalata yokalipa kuti zachibwanazi zithe. Anaika mitengo: koyamba kudzudzulidwa pagulu ndi faini ya madola 50,000, kachiwiri madola 100,000, kachitatu kochi wamkulu aimitsidwe gemu yotsatira. Kenako mu 2025 NCAA inasintha lamulo la m'bwalo lenilenilo. Tsopano ngati oimbira aika kale mpira pansi kukonzekera play yotsatira ndiyeno wosewera n'kugwa achipatala n'kulowa, timu yake imadulidwa timeout imodzi, ndipo ngati timeout zatha imabwezedwa m'mbuyo mayadi 5. Chomwe ndimalikondera lamuloli n'choti silifunsa ngati munthu akunama kapena ayi, oimbira sakuyeza ululu wa munthu, akungoyang'ana kuti mpira unali utaikidwa kapena usanaikidwe, basi. Chaulere chija achiikira mtengo.

Ndipo chaka chomwecho cha 2025 zilango zinayamba kugwadi. Ligi ya ACC inalipiritsa Syracuse madola 25,000 pa zomwe zinachitika pa gemu yomwe anagonjetsa Clemson mu September, ndipo SEC inalipiritsa Texas A&M madola 50,000 pa gemu yawo ndi Arkansas mu October.

Koma achimwene musaombe m'manja msanga. Mpata ulipobe waukulu ngati chipata cha pa Kamuzu Stadium: ingogwa mpira usanaikidwe. Play ikatha pamadutsa masekondi angapo oimbira asanaike mpira pansi, ndiye amene wauzidwa kale kuti ukagona sadzukanso n'komwe, amangotsalira pansi pomwe anagwera pa mulu paja ndipo palibe angamutsutse. Lamuloli lathetsa sewero lochititsa manyazi lija loimirira, kuyang'ana ku benchi, n'kugwa ngati thumba la chimanga, koma wochenjera wangophunzira kugwa msanga. Za faini ndiye musandiseketse. Madola 50,000 kwa ine ndi inu ndi ndalama yomangira nyumba, koma awa ndi masukulu omwe mabwalo awo ena amalowa anthu opitirira 100,000, la Michigan limalowa 107,601, ndipo makochi akuluakulu angapo amalandira madola opitirira 10 miliyoni pa chaka. Ngati kugona kwa mnyamata mmodzi kungapulumutse gemu yomwe ikulowetseni mu playoff, ndime yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, faini imeneyo ndi ndalama ya mafuta a galimoto.

Ankolo, ine ndiye ndili ndi yankho losavuta. Aliyense wogwa gemu n'kuimitsidwa chifukwa cha iye, asabwererenso mpaka kota ithe, kaya mpaka mpira usinthe manja. Wovulaladi akufunika kupuma kale, wonama ndiye aluza. Vuto lili pati? — Mlongo wanu wa ku Johannesburg

Achemwali, mwaganiza ngati makochi enieni, chifukwa ganizo lofanana ndi lanuli, loti wovulala akhale kunja mpaka ulendo wonse wa mpirawo uthe, linakambidwadi ndi bungwe la makochi ku America lamulo la 2025 lisanabwere, ndipo komiti ya malamulo sinalitenge. Ine poyamba ndinkaona ngati ndi mantha chabe koma nditaganizira ndinaona kuti ali ndi mfundo.

Vuto ndi ili. Anyamata awa chikhalidwe chawo ndi chobisa ululu kale, amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo aliyense akudziwa kuti ukatuluka wina akalowa n'kusewera bwino malo ako apita. Pano ndiye pabweranso ndalama, kuyambira July 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo kuyambira 2025 masukulu akuwalipira mwachindunji, ndiye kukhala pa benchi kukudula thumba. Tsopano muuzeni mnyamata wotere kuti ukagona pansi sulowanso mpaka kota ithe, gemu ili 24-21 mphindi zomaliza, mutu ukumuwawa maso akuona ziwiriziwiri, mukuganiza agona? Sagona, adzuka adzandire mpaka pamzere, n'kugundidwanso kachiwiri pa mutu womwewo, ndipo kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire ndi kumene madokotala amakuopa kwambiri. Pofuna kupha khoswe uja mwaswa mkhate.

Chinanso, makochi si ana. Mukati wogwa akhale kunja nthawi yaitali, iwo azingosankha woti agwe, osati katswiri wawo ayi koma uja amene amafuna kumutulutsa kale, kapena kulowetsa dala mnyamata wa pa benchi kuti ntchito yake ikhale yokagona. Ndiye chilango chagwera mwana wosalakwa, kochi wapeza timeout yake yomweyo.

Mukandifunsa ine, ndipo mwandifunsa, ndingachite zinthu izi. Wogwa akhale kunja ma play angapo, atatu kapena anayi, osati imodzi komanso osati kota yonse, kuti bodza likhale ndi mtengo koma mtengo wosafika poti wovulaladi abise. Ndipo amene aziti uyu wachira abwerere akhale dokotala wosadya za timuyo, wolembedwa ndi ligi. Nthawi yomwe munthu ali pansi, anzake asamaloledwe kupita ku benchi kukamva malangizo ndipo timu yake ingosintha yekhayo wovulalayo basi, enawo akhale momwemo, chifukwa chomwe kochi amagula ndi bodzali si mpumulo wokha ayi koma mpata wosintha anthu ndi kukonza mapulani, ndiye mukachotsa katunduyo pa shelefu palibenso chogula. Koma chachikulu, ndipo apa ndimenya tebulo, chilango chikwere kumtunda. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kanema akaonetsa poyera munthu wa pa benchi akuloza pansi mnyamata n'kugwa, kochi wamkulu akhale kunyumba gemu yotsatira kuyambira ulendo woyamba womwewo, osadikira kachitatu, chifukwa kochi wa madola mamiliyoni saopa faini koma amaopa kuonera timu yake pa TV ngati ine ndi inu. Muona ngati sayini ija idzaperekedwenso.

Ndisaiwale, makochi a liwiro nawonso asamadzione ngati angelo. Lamulo lotsekera a difensi m'bwalo lija likuwakomera iwo, ndipo mnzako ukamupanikiza pakona popanda khomo amaboola khoma. Izi sizikulungamitsa bodza ayi, koma amene akukonza malamulo akuyenera kuyang'ana mbali zonse ziwiri.

Masapota akamakuwiza munthu amene ali pansi, inu mumaona bwanji? Ine zimandipweteka mtima. — Namwino wa ku Chipata

Amayi, inenso zimandipweteka, ndipo kwa ine ichi ndiye choipa chachikulu chomwe bodzali labala, kuposa gemu iliyonse yomwe inabedwa. Kale munthu akagwa bwalo lonse linkati zii, osewera a matimu onse awiri n'kugwada bondo limodzi, akadzuka anthu n'kumuombera m'manja ngakhale ndi wa timu ya adani. Lero m'mabwalo a matimu a liwiro wa difensi akangogwa anthu 90,000 amayamba kukuwa asanadziwe n'komwe chachitika, ndipo nthawi zina mnyamatayo bondo laduka mitsempha zenizeni, mayi ake ali pa sitandi pomwepo akumva anthu akunyoza mwana wawo akutuluka pa ngolo. Masapotawo sindingawaikire kumbuyo koma anawaphunzitsa ndi makochi omwewo, munthu ukanamizidwa kasanu kachisanu n'chimodzi sukhulupiriranso.

Mu October 2021 Ole Miss itapita ku Knoxville kukasewera ndi Tennessee gemu inaimaima kambirimbiri chifukwa cha ovulala, anthu mitima inali itatupa kale, ndiye chigamulo china cha oimbira chitawaipira kumapeto anayamba kugenda mabotolo m'bwalo, Kiffin anagendedwa ndi kampira ka gofu, gemu inaima pafupifupi mphindi 20 ndipo Tennessee inalipitsidwa madola 250,000. Inu a chipatala mukudziwa bwino kuposa ine kuti wodwala amene amabwera tsiku lililonse ndi matenda opeka amapweteketsa amene ali kumbuyo kwake pa mzere.

Nanga kwathu kuno tingatolepo chiyani? Magoloboyi athu ndiye akatswiri ogona. — Sapota wa ku Ndirande

Aise, mpira wathu wayamba kale kuyenda njira yomweyo yosafunsa ngati ukunama koma kungoika mtengo. Ligi ya MLS ku America komweko kuyambira 2024 inati wosewera akakhala pansi masekondi opitirira 15 achipatala n'kulowa, atuluke akakhale kunja mphindi ziwiri, kupatula zina monga kuvulala mutu kapena faulo yomwe yabweretsa khadi. Ku World Cup ya ku Qatar mu 2022 munaona oimbira akuwonjezera mphindi 10 kapena kuposa kuti odya nthawi asapindule, ndipo kuyambira 2025 goloboyi akagwira mpira masekondi opitirira 8 timu inayo imapatsidwa kona. Koma goloboyi wogona uja ndiye khoswe wathu wa pamkhate, chifukwa gemu singapitirire popanda iye ndipo sungamutulutse mphindi ziwiri ngati ena onse, n'chifukwa chake ukamuona wagona mphindi ya 70 tayang'ana ku benchi, upeza anzake onse khumi ali kwa kochi akumwa madzi akulandira malangizo. Ine ndingayambire pamenepo, goloboyi akagona osewera ena onse akhale pakati pa bwalo osayandikira mzere, tione ngati msana wake uziwawabe sabata iliyonse. Ndipo iwe wa ku Ndirande usandinamize kuti ndi magoloboyi a matimu ena okha, wanunso ndinamuona.